Anandisudzula Chifukwa cha Nyali Yofiira

Tsiku limene ndinanena kuti ndikupita ku Joni panali anthu awa, ndipo ndiwatchula mmodzimmodzi kuti wina asadzakane. Panali mkazi wanga Selina, ali pamphasa akupeta nandolo. Panali mlongo wake, alamu anga a Afonso, mwini mbumba, atakhalira mpando wanga wandalema. Panali mng'ono wa Selina, Mariya. Panali a Domingo, akatekisita a tchalitchi chathu. Ndiye panali mwana wanga Jasinto, atatsamira njinga, ndevu zisanamere. Ineyo Ernesto ndinali chiimire, chifukwa nkhani yaikulu sindiinena nditakhala.

Chaka chimenecho nandolo anabereka mpaka nthambi kuthyoka, koma ogula a ku Milange anatchula mtengo wachipongwe. Jasinto anali atakhoza kupita ku sekondale ya m'tauni, ife tilibe ngakhale ya nsapato. Ndinati, "Ndikupita." Woyamba kuwomba m'manja anali a Afonso. "Pitani alamu! Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Kuno musade nkhawa, ine ndilipo." A Domingo anapemphera pemphero lalitali mpaka nkhuku kulowa m'lichero. Selina anangoti, "Mukakafika mutiuze." Palibe amene anati musapite. Palibe!

Kuti mumvetse, ine pamudzi paja ndinali mkamwini. Kwathu kwenikweni kunali ku Molumbo, koma nkhondo inatentha mudzi wonse, abale anga ena anafa, ena sindidziwa kumene analowera. Selina ndinakumana naye kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, pamzere wolandirira ufa. Mtendere utabwera ndinamutsatira kwawo ku Majaua. Munda wawo, dothi lawo, ana awo. Langa linali thukuta basi.

Za panjira sindinena zambiri. Ndinakafika ku Kepitawuni mapazi atatupa, n'kumagona m'kachisakasa ka malata ndi anyamata a ku Mulanje. M'mawa tinkaima m'mbali mwa msewu kudikira galimoto yofuna waganyu. Kuli mphepo kumeneko yolowa m'mafupa. Lamulungu ndiye linali loipa. Anyamata aja amapita kumowa, ine n'kutsala ndekha ndikuchapa buluku, ndikudzilankhulira Chilomwe kuti lilime lisachite dzimbiri.

Ndinapeza ganyu m'munda wa maluwa wa mayi wina wachizungu, mphunzitsi wa ku yunivesite. Ataona kuti sindiba ndipo sindijomba, anandilembetsa ku kampani yosesa panyumba yawo yofufuzira. Ndimo mmene ndinalowera m'chipinda chimene chandithamangitsa pamudzi lero.

Chipindacho chinalibe zenera. Pakhomo panali nsalu yakuda yochindikala, m'kati mukuyaka babu lofiira lokha, ngati makala akuzima. Munali kabati yofunda ngati pansi pa nkhuku yofungatira, m'menemo timbale ting'onoting'ono tokutidwa ndi pepala lasiliva. Tsiku loyamba anandiuza lamulo limodzi: muno usayatse getsi loyera, usatsegule foni, usakoke nsalu wina ali pa ntchito. Anandipatsa kanyali komanga pachipumi, kowala mofiira, kuti ndiziona pokolopa.

Ine sindigwira ntchito imene sindiidziwa mutu wake. Ndinafunsa mtsikana wina wa ku Zimbabwe wophunzira pamenepo, dzina lake Rudo. Iye Chishona, ine Chinyanja, pakati n'kuthirapo Chingerezi chothyokathyoka, tinkamvana. Ankanditcha Sekuru, ndiye kuti agogo kwawoko.

Anati, "Sekuru, thupi lanuli ndi timatumba tosaoneka ndi maso, timatchedwa maselo. M'kati mwa selo muli amithenga, dzina lawo mapuloteni. Wina amati yenda, wina amati bereka, wina amati ima. Vuto n'lakuti onse amalankhula nthawi imodzi."

Ndinati, "Ngati pamsika wa pamalire."

"Eya. Ndiye ife tikufuna kumva mmodzi yekha. Munaonapo nyemba itamera pansi pa nkhokwe, ikupendekera kumene kukuchokera dzuwa?"

"Mwana iwe, ndalima nyemba iwe usanabadwe."

Anaseka. Anati m'zomera muli kanthu kamene kamamva kuwala. Iwo amatenga kachidutswa kameneko n'kukasokerera pa mthenga mmodzi wa m'selo. Mumdima kachidutswako kamamugwira pakamwa. Kukabwera kuwala kobiriwira ngati kumwamba, kamamumasula, iye n'kulankhula. Kuwala kofiira sikumudzutsa, n'chifukwa chake chipinda chonse n'chofiira. Getsi loyera lili ndi mitundu yonse m'kati, ukaliyatsa amithenga onse m'timbale tonse adzuka pamodzi, ntchito ya miyezi yaonongeka.

Ndinati bodza. Anandikhazika pampando pafupi ndi makina okulitsira zinthu, nandionetsa pa kompyuta kanthu kotuwa kooneka ngati phala lotayikira pansi. Anati iyi ndi selo imodzi, yamoyo. Anaika kadontho ka kuwala m'mphepete mwake. Tinadikira. Mbali imeneyo inayamba kugwedera ngati mpendero wa chitenje pamphepo, kenako inatambasuka ngati phazi. Anasuntha kadontho, kanthu kaja n'kumakwawa pang'onopang'ono kukatsatira, ngati nkhuku yoona madeya. Anathimitsa, mpendero uja n'kukhala bata. Popanda kukakhudza, popanda mankhwala! Ndinakuwa "Mayo ine!" mpaka mlonda anabwera akuthamanga kuchokera pansi.

Kuyambira pamenepo khomo lija linali langa. Munthu wobweretsa katundu akangogwira nsalu ija, mawu anga ankamupeza asanakoke. Nyumba yonse inkandidziwa. Ndipo inde, ndinkanyadira. Ndilekerenji kunyadira? Munthu wothawa nkhondo wopanda nsapato, lero ndikusunga khomo la zinthu zimene ngakhale madokotala a ku Kelimane sanazionepo. Ndinkatumiza mawu pafoni kumudzi, chifukwa kulemba kumandichedwetsa. Ndinkati, "Kuno timalamula tinyama tamoyo ndi kuwala, timati yenda, n'kuyenda!" Ndinatumizanso chithunzi, nditavala jasi loyera ndi magolovesi, kanyali pachipumi, nkhope yonse ili psuu. Ndinamva kuti a Afonso ankachionetsa pamsika, akuti awa ndi alamu anga, ndi adokotala ku Joni.

Ndalama zinkapita mwezi ndi mwezi. Ine ndikudya buledi ndi tiyi wopanda mkaka, ku Majaua kukuimirira nyumba ya njerwa zootcha ndi malata. Jasinto anamaliza sukulu mpaka kukhala pulofesolo, ndiye kuti mphunzitsi kwathu kuno, akuphunzitsa ku Milange. A Afonso anapempha ya mota, njinga yamoto yonyamulira anthu, ndinatumiza. Mwana wa Mariya atathyoka mwendo, ndinatumiza. Mabenchi amene akukhalira m'tchalitchi cha a Domingo, afunseni anagula ndani. Nthawi yonseyo palibe anafunsa kuti ndalamazi zikununkha chiyani. Ndinkabwera pa Khirisimasi mwa apo ndi apo, ankandichingamira kumsewu ndi nthungululu.

Kenako Selina anayamba kutaya magazi, munthu woti anasiya kalekale kupita kumwezi. Anabisa, monga amachitira azimayi athu. Pamene amakafika kuchipatala chachikulu ku Blantyre, anati ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo yafalikira.

Ndinapita kwa Rudo, amene tsopano anali dokotala wa zofufuzazo, ndinagwada. Ine kugwadira mwana! Ndinati, "Ndipatse nyali yobiriwira ija ndipite nayo kwathu. Selo ukaiuza kuti ima, imaima. Ndaona ndi maso angawa."

Anandidzutsa akulira. Anati, "Sekuru, sizingatheke. Kuwalaku kumagwira maselo okhawo amene tawasokerera kachidutswa kaja, m'mbale muno. Khansa ndi mthenga amene waiwala kutseka pakamwa, akungoti bereka, bereka. Ife tikuphunzira kumene mmene amalankhulira. Si mankhwala. Mwina zidzathandiza adzukulu anu."

Ndinati, "Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikulondera masewera?" Ndinatuluka n'kukamenya khoma la kuchimbudzi mpaka chala kutupa. Mawa lake ndinabwera kudzakolopa, chifukwa mankhwala oletsa ululu ndi ulendo wa ku Blantyre sizilipiridwa ndi mkwiyo. Ndikanachoka, malo anga akanalowa wina tsiku lomwelo. Ndinakhala, ndikutumiza. Selina anamwalira nthawi ya dzinja, misewu itaduka, anamuika mawa lake. Bokosi ndinalionera pafoni.

Ndinabwera anthu atakolola, ntchito nditaitsanzika. Ndinaoloka pa Muloza, ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, kenako mota mpaka pakhomo, masutikesi atamangidwa kumbuyo. Palibe anathamanga kudzandilandira. Ndinapereka moni ndi mawu anga onse, monga ndimachitira. Ine si munthu wogubuduka pafumbi ana akuona. Ndinatsegula masutikesi n'kuyamba kugawa: jekete la a Afonso, nsapato za Mariya, mawotchi a adzukulu. Analandira ndi manja awiri, maso ali kumbali. M'chipinda changa ndinapeza mwana wamkazi wa Mariya ataikamo kale katundu wake.

Ndinati, "Alamu, ndiperekezeni kumanda ndikaone pamene agona amake Jasinto." Paja kumanda munthu sapita yekha, amakutsogolera eni mbumba. Anati mawa. Mawa litafika anati mota yaonongeka. Linalo anati akuyembekeza anthu. Mwamuna wa munthu, kumupemphetsa manda a mkazi wake ngati akupempha mchere! Mtima unandiwawa. Tsiku lina m'bandakucha ndinadzuka ndekha, ndinamanga pachipumi kanyali kanga kofiira, kamene anandipatsa ponditsanzika. Ndinasankha kameneko dala, chifukwa sikathobwa m'maso, sikadzutsa anthu. Ndinkangofuna kuona njira ndi kuwerenga dzina pamtanda. Zimene ndinachita pamanda paja ndi za ine ndi Selina.

Azimayi olawirira kumjigo anaona kamoto kofiira kakuyenda pakati pa mitumbira. Dzuwa lisanafike pamutu, Majaua yense anali atamva kuti Ernesto ndi namapopa. Mukudziwa inu mphekesera imeneyi, imabwera kwathu kuno chaka chikavuta: akuti kuli anthu oyenda ndi nyali ndi mapaipi, opopa magazi a anthu ali m'tulo, n'kukagulitsa kwa azungu. Anthu afapo nayo mphekesera imeneyi, ogendedwa ndi anzawo. Chithunzi changa chija, chimene ankanyadira pamsika, chinayambanso kuyenda m'mafoni.

Ndiye linafika tsiku la chisudzulo. Mkazi akamwalira, abale ake amakhala pansi n'kumumasula mwamuna. Koma mkamwini wokalamba, amene wakhala bwino ndi anthu, amamuuza kuti tamasula mwambo wokha, inu khalani, muziyang'anira ana ndi adzukulu. Ndi zimene ndinkayembekeza. Ndikanapita kuti?

Anakhala pabwalo la nyumba yanga yomwe. A Afonso, Mariya, a Domingo, sekeretariyu wa dera lathu, ndi khamu la anthu osaitanidwa. Anyamata ena anaima chapatali kumpanda, manja ali kumbuyo. Jasinto anabwera kuchokera m'tauni, anakhala kumbali ya amalume ake, mutu uli pansi.

A Afonso anati, "Alamu, tisanalowe mwambo, anthu ali ndi mafunso. Kumanda mumakatani ndi moto wofiira?"

"Kukaona mkazi wanga, amene inu munandimana."

"Nanga ku Joni, m'chipinda chamdima chija, munkatani?"

Ndinaimirira. Ndinati lero aphunzira. Ndinawafotokozera zonse, za maselo, za amithenga, za nyemba ya pansi pa nkhokwe, za kadontho ka kuwala. Ndinafotokoza bwino, mawu akumveka mpaka kumsewu.

Mariya anati, "Ndiye mukuti chinthu chamoyo mumachiyendetsa ndi tochi, chosafuna chokha?"

"Eya! Koma ndi kanthu kochepa kuposa fumbi, alamu, kali m'mbale."

A Afonso anati, "Tinyama timeneto n'ta chiyani? Ta munthu?"

Ndikanatha kunama. Ine sindinama pabwalo. Ndinati, "Tina n'ta mbewa. Tina tinachokera kwa munthu wodwala kalekale, amangotiweta, timaswana tokha."

Khamu lonse linati hii.

"Timadya chiyani?"

"Timadzi tofiirira ta m'botolo."

"Muli magazi?"

"Muli madzi ochokera m'magazi a mwana wa ng'ombe. Wa ng'ombe, ndati! Amagula kusitolo ya mankhwala ngati mmene mumagulira feteleza!"

Palibe anamva za ng'ombe. Mariya anadzigwetsa pansi akukuwa, "Achemwali anga ine! Magazi akutha, malata akubwera! Magazi akutha, malata akubwera!" Azimayi anamugwira, ena n'kuyamba kulira naye.

Pamenepo ndinapsa mtima. Ndinati, "Ngati ndi ndalama za magazi, a Afonso tsikani pa mota ija muyende pansi! Mariya, kathyole mwendo wa mwana wako ubwerere mmene unalili! A Domingo, tulutsani mabenchi m'tchalitchi muwatenthe, anthu akhale pafumbi! Munadya nonse, munanyambita ndi zala, lero mwakhuta ndiye mwayamba kununkhiza mbale? Munandiwombera m'manja pochoka ndinu nomwe! Selina yemweyo pafoni ankati musabwere abambo ake Jasinto, tumizani ya mankhwala. Ndinamvera mkazi wanga, ndalakwa chiyani?"

A Domingo, munthu amene amalalikira kuti ufiti kulibe, anangoyang'ana zikhadabo zawo. Sekeretariyu anandikokera pambali nati, "Madala, anyamata ali kumpandawo ali ndi miyala. Ine ndilibe apolisi pano. Mukagona muno sindikudziwa za mawa."

A Afonso anaimirira, anavula chipewa, nati, "Alamu, takusudzulani. Munabwera bwino, mupite bwino. Tengani zovala zanu, khasu lanu ndi nkhwangwa yanu. Mubwerere kwanu."

Ndinati, "Kwathu kuti? Kumene kwamera mitengo pa mafupa a amayi anga?"

Ndinayang'ana Jasinto. Mwana amene ndinamuphunzitsa ndi msana wangawu, amene amaima kutsogolo kwa kalasi n'kujambula selo pabolodi ndi choko, amene akanangonena mawu awiri kuti bambo anga akunena zoona. Ankangokumba pansi ndi kamtengo.

Lero ndimakhala m'kachipinda kolipira kuseri kwa sitolo ya Mmalawi wina pafupi ndi msika wa Milange. Iye sanandifunse za magazi, anangofunsa ngati ndimalipira pa nthawi yake. M'nyumba yanga mukugona mwana wa Mariya ndi mwamuna wake, mkamwini watsopano, amene sanaumbe njerwa ngakhale imodzi. Akumwa madzi a mvula otsika pa malata omwe aja, ndipo sanafe nawo. Ku Joni ndinali mlendo, koma kumeneko amakuuza poyera tsiku loyamba kuti ndiwe mlendo. Ku Majaua anandisiya ndilime, ndibereke, ndimange, imvi zimere, ndiye n'kundiuza. Amene anandigwirizira malo pamudzi paja anali mayi mmodzi wopeta nandolo. Atangogona iye, ine ndinasanduka munthu wobwera.

Ndipo musandiuze kuti ndi umbuli. Anthu omwewo amapita kuchipatala kukaunikidwa m'chifuwa ndi makina, amapereka magazi pachala kuti awayeze malungo, sathawa. Umbuli wake umabwera pokhapokha pakakhala nyumba ya malata yopanda mwini?

Zimenezi ndinamuuzanso Jasinto tsiku lomwe la chisudzulo lija, chifukwa ndi iye amene anandinyamula pa mota, sutikesi ili pakati pathu, khasu ndi nkhwangwa atazimanga kumbuyo. Njira yonse ndinkamukalipira m'khutu. Ndinamutcha wamantha, ndinamutcha mwana wa amalume ake, ndinati sukulu yake ndinataya ndalama m'chimbudzi. Titafika pakamlatho kena anaimitsa, anathimitsa injini, anatsika. Anavula chisoti, anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Ndilemba mmene ananenera, muweruze nokha ngati mwana amalankhula chonchi kwa bambo ake.

Anati, "Ababa, za maselo zija munanena zoona zokhazokha, ndikudziwa. Amalume nawonso sakhulupirira za anamapopa, ngakhale pang'ono. Koma Amayi ankati musabwere pafoni pokha. Akadula, ankatituma kumsewu kukaona ngati mwatsika shapa. Amene ankawanyamula kupita kuchimbudzi ndi amalume, amene ankachapa nsalu za magazi ndi amayi aang'ono. Inu munafika ndi majekete, mukufuula moni. Anthu aja anakudikirani sabata yonse kuti mukhale pansi mulire nawo, inu n'kukalira nokha kumanda kumene sakukuonani. Mukadalira pakhomo paja, Ababa, bwenzi lero mukugona m'nyumba mwanu."